Red currant: kachipatso kofiira kosabereka popanda chisanu

Julayi akafika, abale athu okhala ku Britain, ku Germany ndi ku Poland amayamba kutumiza zithunzi za tizipatso tofiira psuu, towala mpaka njere zam'kati kuonekera, tolendewera m'timatsango pa chitsamba chachifupi. Ena tidationa koyamba pamwamba pa keke ya ukwati, titangoikidwa pokongoletsa. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pamayendanso mauthenga oti tizipatsoti timatsuka magazi ndi kuteteza khansa, ndipo sipalephera kupezeka wogulitsa njere zake amene amalonjeza kuti zimera paliponse.

Dzina lake ndi red currant. Amene waona zithunzizo amafuna kudziwa ngati chitsambachi chingamere kwathu kuno, ndiponso ngati zonena za thanzizo zili zoona. Kuti zonsezi zimveke, tiyenera kuyamba ndi chikhalidwe cha chomeracho, chifukwa kabzalidwe, kadulidwe ndi nthawi yokolola zonse zimatsata nyengo yozizira ya kumene chidachokera.

## Ndi chomera chanji, ndipo chisasokonezedwe ndi ziti

Akatswiri a zomera amachitcha Ribes rubrum. Kwawo ndi kumadzulo kwa Ulaya, komwe chimamera chokha m'nkhalango zachinyezi ndi m'mbali mwa mitsinje. Chimatalika mita imodzi kapena imodzi ndi theka, chilibe minga, ndipo masamba ake amakhala a nsonga zitatu kapena zisanu. Maluwa ake ndi ang'onoang'ono, obiriwira mopita ku chikasu, osakopa maso konse. Kachipatso kamodzi kukula kwake kumangozungulira pa sentimita imodzi, khungu lake ndi lopyapyala, m'kati muli madzi ambiri ndi tinjere tingapo tolimba. Mukaluma, chimayamba kumveka ndi kuwawasa, kofanana ndi kwa chidede, kutsekemera kumabwera pambuyo ndipo kumakhala kochepa.

Mitundu ya zipatso zikuluzikulu idayamba kusankhidwa ku Belgium ndi kumpoto kwa France m'zaka za m'ma 1600. Imene ikulimidwa kwambiri lero ndi yatsopano. Mtundu wa Jonkheer van Tets udatuluka ku Netherlands mu 1941 ndipo umacha msanga. Rovada, wa ku Netherlands komweko, adabwera mu 1980. Amacha mochedwa ndipo matsango ake ndi ataliatali, n'chifukwa chake ndi amene mumamuona kwambiri m'timabokosi ta m'masitolo. Red Lake adachokera ku yunivesite ya Minnesota ku America mu 1933. Palinso wina woyera, wooneka ngati wachikasu pang'ono, amene si mtundu wina wa chomera ayi, koma red currant yemweyo wopanda utoto wofiira, ndipo sawawasa kwambiri. Pa ulimi wa zipatso za banja limeneli, zofiira ndi zakuda pamodzi, dziko la Russia ndi limene lili patsogolo, lotsatira ndi Poland.

Chisokonezo chimabwera pa zinthu zitatu. Blackcurrant, amene ambiri timamudziwa kudzera m'zakumwa ndi m'maswiti, ndi m'bale wake weniweni, koma ndi chomera china, cha fungo lamphamvu, chodulidwa mosiyana. Tizipatso touma takuda togulitsidwa m'mapaketi a zophikira keke, tolembedwa kuti currants, si abale ake n'komwe: ndi mphesa zing'onozing'ono zopanda njere, zoumitsidwa, zambiri zochokera ku Greece. Ndipo jamu wathu uja wachikasu, wobisala m'kachikopa kouma, womera yekha m'mbali mwa dimba, ndi wa banja la tomato. Amene wauzidwa kuti zonsezi ndi chinthu chimodzi wasocheretsedwa.

## Chifukwa chake chimalira chisanu

Kumene chitsambachi chidachokera, chaka sichigawika monga kwathu. Ife timawerengera dzinja ndi chilimwe, mvula ikagwa mbewu zimadzuka. Kumeneko chimene chimadzutsa ndi kugoneka zomera ndi kutalika kwa tsiku ndi kuzizira. Pofika Okutobala masiku amakhala atafupika, mphepo yazizira, ndipo red currant amayoyola masamba onse n'kutsala timitengo tokhatokha. Wosadziwa angati chauma. Koma maso a panthambi, momwe mudzatuluke masamba ndi maluwa a chaka chamawa, amakhala atapangika kale nyengo yotentha isanathe. Amangokhala ali m'tulo.

Si tulo toti dzuwa likawala tsiku limodzi n'kudzuka. M'diso lililonse muli zinthu zoletsa kuphuka, ndipo zimatha pang'onopang'ono diso likamakhala pozizira. Kuzizira kumene kumagwira ntchito kwambiri ndi kwa pakati pa madigiri 0 ndi 7. Akatswiri amawerenga maola amene chomera chakhala pa kuzizira koteroko, ndipo red currant amafuna pakati pa maola 800 ndi 1,500, kutengera mtundu. Maola 1,000 ndi pafupifupi masiku 42 athunthu, usana ndi usiku womwe. Dongosolo limeneli limateteza chomera. Chikadati chizidzuka pa tsiku loyamba lofunda la mu Januwale, chisanu chotsatira chikadapha maluwa onse. Chili m'tulo chimapirira kuzizira kwa madigiri 30 pansi pa ziro, koma maluwa akangotuluka mu Epulo, chisanu cha usiku umodzi chikhoza kuchepetsa zokolola za chaka chonse.

Maola aja akapanda kukwana, chitsamba sichifa nthawi yomweyo. Chimadzuka mosokonezeka. Maso ena amaphuka, ena amangokhala duu, nthambi zina zimatsala zambulanda, maluwa amatuluka ochepa ndiponso pa nthawi zosiyana, zipatso n'kukhala zowerengeka. Chaka ndi chaka chimafookerafookera. Ngakhale ku Ulaya komweko vutoli layamba kuoneka pamene nyengo yozizira ikufunda. Ofufuza a ku James Hutton Institute ku Scotland akhala akuchenjeza za zimenezi pa blackcurrant, amene nayenso amafuna kuzizira kwambiri.

Apa ndi pamene yankho la funso lathu likuonekera. Ku Dedza, ku Ntcheu ndi pa phiri la Zomba kumazizira ndithu mu Juni ndi Julayi, ndipo ku Nyika chisanu chimagwa. Koma kuzizira kwathu ndi kwa usiku ndi m'bandakucha. Dzuwa likakwera kumafunda, ndipo kufunda kwa masana kumafufuta ena mwa maola amene chomera chidasonkhanitsa usiku. Mapichesi amabereka m'madera amenewa chifukwa mitundu yake imene idakhazikika kumeneko imakhutira ndi kuzizira kochepa. Red currant sakhutira msanga chotero. Onjezerani kutentha kwa Okutobala: kukapyola madigiri 30, masamba ake amapsa m'mphepete ndi kuyoyoka. Chotero chitsamba chikhoza kuphuka n'kukhalapo ndi moyo pamalo okwera, pamthunzi, koma kuyembekezera matsango odzaza monga a pa zithunzi zija ndi kuyembekezera chimene nyengo yathu sipereka.

Za njere zogula pa intaneti pali zinanso. Njere za red currant sizimera pokhapokha zitakhala pachinyezi chozizira kwa miyezi itatu kapena inayi, ndipo chomera chotuluka pa njere sichifanana ndi kholo lake. Mukhoza kufesa njere za Rovada n'kupeza chitsamba cha tizipatso tating'ono towawasa kwambiri. Alimi enieni sadalira njere konse.

## Kubzala ndi kudulira

Zotsatirazi zikukhudza makamaka amene ali kumaiko ozizira, monga abale athu a ku Britain amene ali ndi kabwalo kuseri kwa nyumba kapena kamunda kobwereka ku khonsolo. Kwa iwo red currant ndi chimodzi mwa zipatso zosavuta. Sachita kufuna dzuwa la tsiku lonse. Amabereka ngakhale pakhoma loyang'ana kumpoto, lomwe kumaiko amenewo limakhala pamthunzi, pamene zipatso zina zimakana, kungoti pamthunzi amacha mochedwa ndipo amawawasa koposa. Chitsamba chimodzi chimabereka chokha, sichifuna chinzake cha mtundu wina pafupi, bola njuchi zizifika.

Mbande zimabzalidwa zili m'tulo, kuyambira Novembala mpaka Malichi, nthaka ikakhala kuti sinaume ndi chisanu kapena kudzaza madzi. Pa nthawiyi zimagulitsidwa zopanda dothi kumizu, ndipo zimatchipa. Zitalikirane mita imodzi ndi theka. Amene malo ndi ochepa akhoza kulera chomera cha tsinde limodzi lowongoka, chomangirira ku mtengo kapena ku waya, zoterezi n'kutalikirana masentimita 45 okha. Nthaka ikhale yosunga chinyezi koma yosadikha madzi, ya asidi pang'ono, pH ya pakati pa 6 ndi 6.5. Mizu yake imayenda pamwamba, motero khasu lisamalowe kwambiri patsinde. Ndi bwino kuphimbira ndi manyowa owola kapena udzu, n'kumazula tchire ndi manja.

Pa feteleza, chimene chitsambachi chimafuna kwambiri ndi potashi. Akachepa, masamba amauma m'mphepete ngati awauka. Koma si potashi aliyense: wa mtundu wa chloride amawotcha masamba, woyenera ndi wa sulphate. Alimi a fodya akuidziwa kale nkhani imeneyi, pakuti fodya nayenso sagwirizana ndi chloride. Nayitirojeni akachuluka mumapeza masamba ambiri ofewa, okopa nsabwe ndi matenda, zipatso zochepa.

Kuchulukitsa mbewu kumachitika monga timachitira ndi chinangwa. Masamba akayoyoka, mumadula nthambi yowongoka ya chaka chomwecho, yotalika masentimita 30, n'kuchotsa maso onse am'munsi, kusiya atatu kapena anayi a kunsonga. Mumaizika m'nthaka kufika theka, ndipo pakatha chaka imakhala itagwira mizu. Maso am'munsi amachotsedwa dala, kuti chitsamba chidzakhale ndi kamwendo kamodzi kosalala ka masentimita 10 kapena 15, nthambi n'kuyambira pamwamba pake, osati mphukira zotuluka pansi.

Kudulira ndi kumene ambiri amalakwitsa, ndipo cholakwikacho chimachokera posokoneza wofiira ndi wakuda. Blackcurrant amabereka bwino pa nthambi zanthete za chaka chatha, motero mlimi amadula nthambi zakale pansi penipeni kuti zatsopano zituluke. Red currant amabereka pa timphanda tatifupi tomera pa nthambi zokhwima, za zaka ziwiri, zitatu kapena kupitirira, komanso patsinde pa mphukira za chaka chatha. Mukamudulira ngati wakuda, mwataya nthambi zomwe zikadabereka.

Chofunika ndi kumanga mafupa okhalitsa: nthambi zikuluzikulu 8 kapena 10 zotambalala kunja, pakati pakhale potseguka kuti mphepo ndi kuwala zizilowa, dzanja lokolola nalonso lizilowa. M'nyengo yozizira mumafupikitsa nsonga ya nthambi yaikulu iliyonse pang'ono, kudula pamwamba pa diso loyang'ana kunja, ndipo mphukira zam'mbali mumazidula kusiya diso limodzi kapena awiri. Pamenepo ndi pamene timphanda tobereka timachulukana. Kumapeto kwa Juni mumabwereranso, n'kufupikitsa mphukira zatsopano zam'mbali kusiya masamba asanu. Kudulira kwachiwiriku kumaonetsa zipatso ku dzuwa ndiponso kumachotsa nsonga zanthete zimene nsabwe zimakonda. Nthambi ikakalamba n'kuyamba kubereka mofooka, mumaidula n'kulera mphukira ina m'malo mwake.

Zipatso zoyamba zimaoneka chaka chachiwiri, koma kubereka kwenikweni kumayamba cha m'chaka chachinayi. Chitsamba chokhwima chimapereka makilogalamu atatu kapena anayi pachaka, ndipo chosamalidwa bwino chimatha zaka 15 kapena kuposerapo.

## Adani ake, ndi nkhani ya ku America

Mdani woyamba ndi mbalame. Zipatso zikangoyamba kufiira, zikhoza kutha m'mawa umodzi, motero ukonde uyenera kuikidwa zisanafiire, womangidwa bwino pansi kuti mbalame zisakodwemo. Wachiwiri ndi mbozi zobiriwira za madontho akuda, ana a kantchentche kotchedwa gooseberry sawfly. Kantchentcheka kamaikira mazira kunsi kwa masamba a m'munsi, pakati penipeni pa chitsamba, pomwe diso silifika. Mwini wake akadzazindikira, mbozi zimakhala zitadya kuchokera m'kati kupita kunja, patsala mitsempha ya masamba yokha. Mankhwala ake ndi kusuzumira m'kati mwa chitsamba kuyambira Epulo, kutembenuza masamba, ndi kuzitola zikadali zazing'ono. Palinso nsabwe zimene zimatupitsa masamba matuza ofiira. Zimaopsa maso, koma zokolola sizichepa kwenikweni, ndipo sipafunika kupopera.

Matenda amodzi adasintha mbiri ya chipatsochi m'dziko lonse la America. Cha m'ma 1900, mbande za paini zochokera ku Ulaya zidalowetsa chiwawu chotchedwa white pine blister rust. Kafangasi koyambitsa matendawa sikangathe kuchoka pa paini kupita pa paini mnzake mwachindunji. Kayenera kudzera pa chomera cha banja la Ribes. Pofuna kuteteza mitengo ya matabwa, boma la America lidaletsa ulimi wa zomerazi mu 1911, ndipo kwa zaka zambiri magulu a antchito ankayenda m'nkhalango ndi m'minda akuzula zitsamba. Chimene chinkafalitsa matendawa kwambiri ndi blackcurrant, koma wofiira naye adakhudzidwa. Chiletso cha boma lalikulu chidachotsedwa mu 1966, chigamulo n'kusiyidwa m'manja mwa zigawo, ndipo chigawo cha New York chidadzalola mu 2003. N'chifukwa chake anthu ambiri a ku America sachidziwa chipatso chimene ku Ulaya chili m'munda wa agogo aliyense.

Nkhaniyi ikutikhudza pa chinthu chimodzi. Kanthambi kobisa m'sutikesi pochokera kunja kakhoza kunyamula matenda kapena tizilombo tosaoneka. Kulowetsa mbewu m'dziko kumafuna chilolezo cha boma ndi chikalata chotsimikiza kuti mbewuyo ilibe matenda, ndipo amene akufunadi kuyesa ayambe wafunsa alangizi kapena malo ofufuza za zipatso monga ku Bvumbwe.

## Kukolola

Mitundu yocha msanga imayamba kumapeto kwa Juni, yochedwa imafika mu Ogasiti. Kufiira kokha si chizindikiro chokwanira. Red currant amafiira asanatsekemere, ndipo akathyoledwa sapitiriza kupsa monga nthochi kapena mapeyala. Wofuna kudya zosaphika adikire masiku angapo tsango lonse litafiira, mpaka kachipatso ka kunsonga. Wofuna kuphika jeli, chopaka cholimba cha madzi a zipatso ndi shuga, athyole msanga pang'ono, pakuti zongofiira kumene ndi zimene zimagwira bwino.

Sitithyola kamodzikamodzi. Khungu limang'ambika pamene panali kaphesi, madzi n'kuyamba kutuluka, ndipo zotere sizichedwa kuchita nkhungu. Tsango lonse limadulidwa ndi sizasi kapena ndi chikhadabo, tsiku louma, mame atakamuka, n'kuikidwa m'chotengera chosazama kuti zapansi zisaphwanyike. Kutsuka ndi kuchotsa pa phesi kumachitika pa nthawi yogwiritsa ntchito. Pamenepo foloko ndiyo imathandiza: mumagwira phesi kumwamba ndi dzanja limodzi, kulowetsa phesilo pakati pa mano a foloko, n'kukokera pansi, tizipatso tonse n'kugwera m'mbale kamodzi.

M'firiji zimakhala masiku ochepa. Kuziumitsa ndi ayezi ndiye njira yabwino: mumaziyala pathireyi kuti ziume chimodzichimodzi, kenako n'kuzithira m'thumba, ndipo zimatha miyezi yambiri. Alimi akuluakulu a ku Netherlands amasunga Rovada m'zipinda zozizira momwe achepetsa mpweya wa okosijeni, zipatso n'kukhala miyezi ingapo zili zatsopano. N'chifukwa chake timatsango tofiira timapezeka m'masitolo a ku Ulaya pa Khirisimasi, zitsamba zili zambulanda panja.

## Kukhitchini

Kuwawasa kumene kumalepheretsa ambiri kudya red currant wosaphika ndi kumenenso kumamupatsa ulemu kukhitchini. Ali ndi asidi wambiri, makamaka wa mtundu wopezeka m'mandimu, ndiponso ali ndi pekitini wambiri. Pekitini ndi chinthu cha m'khungu ndi m'mnofu wa zipatso chimene, chikakumana ndi asidi ndi shuga pamoto, chimagwiritsa madzi kuti alimbe. Zipatso zina, monga sitiroberi, zili ndi pekitini wochepa, ndipo jamu wake wopaka pa buledi amavuta kugwira. Ophika odziwa amathiramo madzi a red currant kuti agwire.

Jeli wake amasiyana ndi jamu chifukwa mulibe njere kapena makungu. Zipatso zimawiritsidwa ndi madzi pang'ono, ngakhale ndi mapesi omwe, mpaka zitaphulika ndi kufewa. Zikatero mumazikhuthulira m'nsalu yoyera, kuimangirira pamwamba pa mbale, n'kusiya kuti zidonthe usiku wonse. Dzanja limayabwa kuti lifinye nsaluyo, koma mukafinya jeli amatuluka wamatope, osawala. M'mawa mumayeza madziwo: pa mamililita 600 alionse, shuga magalamu 450. Shuga asungunuke pamoto wochepa, kenako moto ukwezedwe kuti zibwate mwamphamvu kwa mphindi zochepa. Amene ali ndi choyezera kutentha amayang'ana madigiri 105. Amene alibe amadontheza pang'ono pa mbale yozizira, kudikira mphindi imodzi, n'kukankha ndi chala. Pamwamba pakachita makwinya, wapsa. Amathiridwa akadali wotentha m'mabotolo owiritsa.

Ku Britain jeli ameneyu amadyera nyama ya nkhosa yowotcha ndi nyama ya m'tchire, pakuti kuwawasa kumadula mafuta. Akamusakaniza ndi vinyo wa port, makoko a lalanje ndi njere za mpiru zogaya, amapanga msuzi wa Cumberland, wodyera nyama yozizira. Kumpoto kwa Germany ndi ku Denmark amaphika zipatso zofiira ndi shuga n'kuzilimbitsa ndi sitachi, chakudya chotchedwa rote Grütze kapena rødgrød, chodyedwa chozizira ndi kirimu. Ku Austria jamu wake ndi amene amalowa m'keke yotchuka ya mumzinda wa Linz.

Ntchito yodabwitsa koposa ili m'tauni ya Bar-le-Duc, kum'mawa kwa France. Kumeneko amapanga jamu wa zipatso zathunthu koma zopanda njere. Amayi odziwa ntchitoyi amatenga nthenga ya tsekwe yosongoledwa, kuboola kachipatso kamodzi pambali, kutulutsa njere zonse osakaphwanya, n'kubwezera kakhungu pachilonda. Kenako kena, kenanso, mpaka mbale kudzaza. Zolembedwa zakale zimatchula jamu ameneyu kuyambira mu 1344, ndipo kabotolo kake kakang'ono mtengo wake ndi wokwera kwambiri. Ukaganiza za maola amene manja aja agwira, mtengowo sudabwitsa.

## Za thanzi: zimene manambala akunena

Malinga ndi kawerengedwe ka unduna wa zaulimi wa ku America, magalamu 100 a red currant wosaphika ali ndi makalori 56, madzi magawo 84 pa 100, shuga magalamu 7 okha, vitamini C mamiligalamu 41, potaziyamu mamiligalamu 275, ayironi miligalamu imodzi, ndi faiba magalamu oposa anayi. Faiba ndi mbali ya chakudya imene thupi siligaya, koma imathandiza m'mimba kuyenda bwino ndiponso imachedwetsa kulowa kwa shuga m'magazi. Pa chipatso, magalamu anayi ndi ambiri ndithu, ndipo ambiri mwa iwo ali m'njere ndi m'khungu.

Vitamini C ndi amene amatchulidwa kwambiri. Ntchito zake n'zodziwika: amathandiza thupi kupanga minofu yolumikiza khungu, nkhama ndi mitsempha, zilonda zimapola bwino, chitetezo cha thupi chimagwira ntchito yake, ndiponso amathandiza kuti ayironi wa m'nyemba ndi m'ndiwo zamasamba alowe m'thupi. Ku Britain amalangiza munthu wamkulu mamiligalamu 40 patsiku, ku America 75 kwa amayi ndi 90 kwa abambo. Chotero kambale kamodzi kamapereka gawo lalikulu la tsiku. Koma tiike manambala pambali pa anzake. Lalanje lili ndi pafupifupi 53 pa magalamu 100 omwewo. Blackcurrant ali ndi pafupifupi 180. Gwafa, amene amawolera pansi m'midzi yathu, ali ndi oposa 200, ndipo faiba wake ndi wochuluka kuposanso wa red currant. Malambe nawo ali ndi vitamini C wambiri. Munthu wa ku Kasungu kapena ku Chipata amene sanalawepo red currant palibe chimene thupi lake likusowa chifukwa cha zimenezo.

Nanga za khansa ndi kutsuka magazi? Utoto wofiira wa chipatsochi umachokera ku zinthu zotchedwa anthocyanin, zomwe zili m'gulu la ma antioxidant, kutanthauza zinthu zimene zimaletsa kuwonongeka kwina kwa maselo. M'botolo la mulabotale zimachitadi zimenezo. M'thupi la munthu nkhani imasintha: gawo lochepa lokha ndi limene limalowa m'magazi, ndipo limasinthidwa ndi kutulutsidwa msanga. Mu 2012 unduna womwe uja wa ku America udachotsa pa intaneti mndandanda wake woyerekeza mphamvu ya ma antioxidant m'zakudya, ponena kuti manambalawo sasonyeza zimene zimachitika m'thupi ndipo amalonda ankawagwiritsa ntchito molakwika. Chimene kafukufuku wa anthu ambiri amasonyeza n'chakuti odya zipatso ndi ndiwo zamasamba zokwanira, zamitundumitundu, amadwala mocheperapo matenda a mtima ndi ena. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limalangiza magalamu 400 patsiku. Red currant akhoza kukhala gawo la magalamu amenewo, monganso mango kapena papaya. Kuchiza khansa ayi, ndipo ntchito yoyeretsa magazi ndi ya impso ndi chiwindi. Wodwala amene angasiye mankhwala a kuchipatala chifukwa cha uthenga wa pafoni akuika moyo wake pachiswe.

Ofunika kusamala nawo alipo. Amene ali ndi vuto la chilungulira kapena zilonda zam'mimba akhoza kumva kuwawa akadya zambiri zosaphika. Asidi wake amafewetsa mano kwakanthawi, motero ndi bwino kuchukucha m'kamwa ndi madzi, osathamangira mswachi nthawi yomweyo. Vitamini K alimo wochepa, mamaikulogalamu 11 pa magalamu 100, koma amene amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana amene mphamvu yake imasintha ndi vitamini ameneyu, afunse dokotala asanasinthe kwambiri kadyedwe kawo ka zipatso ndi masamba.

Kaphikidwe kamasinthanso manambala onse aja. Vitamini C amawonongeka ndi moto, faiba amatsala m'nsalu yosefera, ndipo jeli wopsa oposa theka la kulemera kwake ndi shuga. Kwa munthu wa matenda a shuga, dzanja lodzaza ndi zipatso zosaphika, zosakaniza ndi yogati kapena phala, lili bwino. Jeli awerengedwe pamodzi ndi shuga wa mu tiyi, supuni yaing'ono pambali pa nyama.